Kadontho ka pa Ekisire

Foni ya mayi Flora a ku Nsaru idali yamwano: mawu abwino inkameza, n'kulavula oipa okhaokha. Lachiwiri lina, ali pakati posankha fodya m'chigafa, adaimba mwana wawo Tabita, amene ankaphunzira za nyenyezi pa yunivesite ina ku Joni.

"Amayi! Ekisire ija... kadontho kaoneka... akuluakulu atsimikiza... ndifika Loweruka!" Foni idadukira pomwepo, ndipo mayiwo ataimbanso siidalowe.

Mawu amenewa mayi Flora adawamvapo kale. Zaka khumi zapitazo dokotala adakweza chithunzi chakuda cha m'chifuwa mwa amuna awo, bambo Amon, n'kuloza kadontho koyera. Mvula isadagwe, adali atawaika m'manda. Tsono kadontho komweko kalondolanso mwana mmodzi yekhayo?

Loweruka masana amayi a Mvano adali atadzaza pakhonde, mtsogoleri wawo mayi Estere atayala kale mphasa ya wodwala. Kabaza atangoima, wodwalayo adadumpha ngati mbuzi yomasulidwa, masaya ali nengʼa, envulopu ili m'manja.

"Kodi kuli maliro?" adafunsa Tabita.

"Khala pansi mwanawe, usadzilimbitse," adatero mayi ake, misozi ili mbwembwembwe. "Tiwonetse chithunzicho."

Adachitulutsa. Chakuda bii, pakati kadontho koyera. Amayi ena adayamba kale kusisima.

"Ndiye chifuwa chake ndi mbali iti?" adafunsa mayi Estere, akuchitembenuza uku ndi uku.

Tabita adayamba wayasama, kenaka adaseka mpaka kugwira chipupa. "Si chifuwa changa ichi, ndi kumwamba! Kuwala kumene amajambulira kuchipatala kuja, nyenyezi zina zimatulutsa zokha. Maso sakuona, koma kuli makina oyandama mumlengalenga amene amakukola. Iyi ndi nyenyezi yoti idafa kalekale, ndiye ikumeza mpweya wa inzake, n'kumalavula ekisire. Ndakhala zaka ziwiri ndikusanthula zithunzi zopanda kanthu. Mwezi wathawu ndidangoona yabuka! Palibe adaionapo, amayi. Woyamba ndine!"

Mayi Flora adamugwira mapewa, n'kuika khutu pachifuwa pake. "Tapuma kwambiri." Adapuma. "Sukutsokomola eti?"

"Ngakhale pang'ono."

"Ndiye wodwala ndi nyenyeziyo?"

"Imeneyo ndiye idafa kale, amayi."

Nthungululu imene idalira pamenepo idabalalitsa nkhuku mpaka kudimba. Mayi Estere adakulunga mphasa ija mwamanyazi, koma ndi iwo omwe adayambitsa nyimbo, akuvina chithunzi chili pamutu. Wina ankafuula kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, wina ankafunsa ngati nyenyezi yakufayo ili ndi abale. Tabita ankayankha onse nthawi imodzi, mawu mpaka kusasa.

Mayi Flora adalowa m'nyumba mwakachetechete. Pansi pa sutikesi adatulutsa chithunzi cha bambo Amon chimene sadachiyangʼanepo chiikireni maliro. Adabwera nacho pabwalo, n'kukweza zithunzi ziwirizo kudzuwa, china dzanja ili, china dzanja ilo. Timadontho tidali tofanana ndithu.

"Abambo a Tabita," adatero akuseka, misozi ikutsika, "kanu kaja kadakutengani. Koma taonani ka mwana wanu."