Msana wa Apongozi Anga

Ine ndine wa ku Dedza, ndipo za madzi osefukira ndinkangozimvera pa wailesi. Boma linanditumiza ku Karonga kukaphunzitsa mu 1976, kenako ndinakwatiwa ndi Yotamu, kalaliki wa paboma. Apo mpamene ndinadziwa mwambo wa Ankhonde: mkamwana sayang'anana ndi apongozi ake aamuna, sayankhulana nawo, ngakhale dzina lawo satchula. Mpaka lero sindilitchula. Ndikangomva kutsokomola kwawo panjira, ndinkapatukira m'nthochi nditafunda nsalu kumutu.

Tauni inkakula mothamanga. Mkulu wina wa mapulani, mlendo ngati ine ndemwe, anadula mapuloti m'chigwa china, ife nkupezako yathu. Yotamu anapita kukosi ku Blantyre kwa miyezi isanu ndi inayi, ntchito yomanga nkugwera ine. Ndinkaifuna nyumba imeneyo, abale. Ya malata, ya simenti pansi, yoti amayi akadzabwera kuchokera ku Dedza adzaone kuti mwana wawo sanatayike.

Tsiku lina nditaweruka kusukulu ndinapeza ana a nthochi atabzalidwa mzere kumtunda kwa puloti, bango pambali pake, ndi chikhomo chofika m'chiuno pamalo oti tikumbe maziko. Apongozi aakazi, a Keziya, anali atakhala pa njerwa kundidikira. Chichewa chawo chinali chochita kutolatola.

"Akuti bambo, nthochi osazula. Nyumba ikwere mpaka apa," anatero akuloza chikhomocho.

"Chifukwa?"

"Akuti njira ya madzi."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Fumbi lokhalokha, mtsinje uli kutali. Ndinapsa mtima. Ndinati nkhalamba zimenezi zikufuna kundisamutsira mudzi m'tauni, mawa zibweretsa ndi ng'ombe zomwe. Komanso lamulo linkaletsa nthochi m'mapuloti, ati zimasunga udzudzu, ndipo masiku amenewo lamulo sunkalifunsa kawiri. Ndinauza omanga kuti azule zonse, maziko akhale monga analembera pa pepala. Akanakhala munthu woti nkukhala naye pansi, mwina ndikanafunsa kuti madziwo anawaona liti. Nanga ufunsa bwanji munthu amene umamuthawa?

Tinalowa m'nyumbamo mu Disembala, ine ndi Hilda wanga wakhanda, Yotamu asanabwere. Mu Epulo mvula inagwa kumapiri masiku atatu, kwathu kukungowaza. Lachinayi m'mawa ndikuchapa matewera ndinamva mkokomo. Posakhalitsa madzi ofiira anali m'maondo, dothi lomangira njerwa likusungunuka ndikuona. Ndinabereka mwana, koma msewu, ngalande ndi maenje amene tinkaumbamo njerwa zonse zinali zitakwiririka. Ndinaima pakhomo osadziwa poponda.

Kenako ndinamva kutsokomola kuja. Anali ataima chapatali atandifulatira, madzi ali m'chiuno, atagwirira kumbuyo nsungwi yaitali, nsonga yake ikugogoda chitseko changa. Ndinaigwira.

Sanatsate msewu. Ankayenda mokhotakhota, pena kubwerera pang'ono, akufufuza ndi phazi kamtunda kamene ankadutsitsapo ng'ombe kusanabwere mapuloti. Ndikaterereka, nsungwi inkaima kundidikira. Ulendo wonsewo sanacheuke ngakhale kamodzi. Ine ndinkangoyang'ana msana wawo: malaya akhaki ong'ambika paphewa, chipsera pakhosi, imvi zonyowa. Titafika pamudzi pawo pachitunda, pomwe nthochi zothithikana zinkaphwanya mphamvu ya madzi, anasiya nsungwi pansi nkulowa kuseri kwa khola. Zikomo wanga anachita kuwapititsira a Keziya.

Nyumba yanga inagwa masana omwewo. Apongozi aamunawo anamwalira chaka chotsatira.

Lero chigwa chija chadzaza nyumba, ndipo madzi amabwerabe kudzafuna njira yawo. Anyamata a mapulani amandipeza ine, poti ndakhalitsa kuno, nkumandifunsa kuti kale madziwo ankadutsa pati. Ndimawayankha kuti sindidziwa, amene ankadziwa ndinkawathawa. Apongozi angawo ndimawasowa, munthu amene sindinacheze naye ngakhale tsiku limodzi. Hilda naye atakula anandifunsa kuti agogo ake ankaoneka bwanji. Ndinamufotokozera msana wawo.