Zithunzi Makumi Anayi za Mayi a Saluni

Dzina lakuti Imanikaye silinali la m'kaundula. Anawapatsa ndi anthu a mumsewu mwawo, anthu otopa ndi kumwetulira. Ukaima kuti akujambule, bamboyu amatsinzina diso limodzi, linalo n'kulikanikiza pa kamera, kenako amayamba kupotokola lenzi pang'onopang'ono ngati akutsegula botolo la mankhwala oopsa. "Imani kaye. Musapume. Imani kaye." Pofika poti kamera ilire, mano anali atauma, khanda litagona, ndipo wothamangira basi itamusiya kalekale.

Mkati mwa sabata a Imanikaye anali dalaivala wa minibasi ya sukulu ina ya pulayimale. Amanyamula ana khumi ndi asanu ndi atatu m'mawa, omwewonso masana. Loweruka amazungulira mwa ogulitsa zakale, kufukula m'makatoni a mawayilesi akufa ndi mawotchi opanda mivi, kusaka malenzi. Osati amakono aja, oti ukangoloza munthu amamupeza okha, ayi. Amenewo amati ndi a anthu aulesi. Iwo amafuna akale, achitsulo, olemera ngati mwala wa pasikelo, opangidwa m'mayiko omwe pano anasintha mayina. Malenzi otere sadziwa kanthu paokha. Umapotokola wekha ndi zala mpaka diso lako likhutire kuti munthu waoneka bwino, ndipo ukaphonya, waphonya ndiwe.

Anali nawo khumi ndi imodzi, ndipo amawamangirira ku kamera yamakono ndi kachitsulo kolumikizira. Onse amagona m'kabati ya pabalaza, momwe kale munkakhala makapu a alendo. Makapuwo anasamukira m'katoni pansi pa bedi, ndipo akazi awo nkhani imeneyi sanaiiwale.

"Lenzi yakale ili ndi mzimu, amayi," amatero a Imanikaye akuipukuta ndi kansalu.

"N'chifukwa chake tonse timatuluka ngati mizukwa," amayankha akazi awo, phazi lili pa mashini.

Mayiwa anali telala. Amasokera anthu ena zamaluwamaluwa pakhonde, koma eni ake amavala zotuwa ndi zakhofi basi, zoti ukaima pafupi ndi khoma anthu amakupita osakupatsa moni.

Tsono panali chinthu chimodzi chomwe a Imanikaye sanauzepo munthu. Kwa chaka ndi theka, m'maso mwawo munali mutagwa chifunga. Poyamba ananamizira malenzi. Anawapukuta onse, kuwauzira mpweya, kuwayanika padzuwa, mpaka anavomereza kuti magalasi akuda ndi omwe anabadwa nawo. Anapita okha kuchipatala mobisa. Kumeneko anawauza kuti ndi ng'ala, maso onse awiri, kuti ifunika kupala, ndiponso kuti chiwongolero achisiye kaye. Iwo anathokoza mwaulemu, n'kupinda kapepalako kanayi, n'kukabisa pansi pa lenzi yaikulu. Mpeni wa m'diso amauopa, koma kuchotsedwa ntchito ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu amakuopa koposa. Msewu wa kusukulu amaudziwa pamtima, mabampu ake onse ndi maenje omwe. Dzuwa likawalasa kumaso amachepetsa liwiro n'kuyamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi, ana n'kumati amalume adalaivala ndi munthu wa Mulungu.

Pojambula analinso ndi njira yawo. Amapotokola mpaka china chake chitulukire m'chifungamo, ndipo chomwe chayamba kutulukira, amadina pompo.

Akazi awo atakwanitsa zaka makumi asanu, panachitika kaphwando pabwalo la nyumba. Panali mipando yobwereka, keke, ndi anansi. Panabweranso mayi a saluni a nyumba yoyandikana nayo, mayi wamtali, wosakwatiwa mwa kufuna kwake, wokonda madiresi a madontho akuluakulu ngati masosala, akuda pa nsalu yoyera. Poti ndi wamtali, pa chithunzi chilichonse amamuimika kumbuyo. A Imanikaye anajambula tsiku lonse ndi lenzi yawo yapamtima, yomwe amati imasungunula zakumbuyo ngati batala. Anthu anaima kaye mpaka keke inayamba kutsamira mbali imodzi.

Lolemba masana, atatsitsa mwana womaliza, anafika kunyumba n'kupeza mashini ili zii. Pa tebulo la pabalaza panali zithunzi, zoyalidwa m'mizere ngati zidutswa za nsalu yoti isokedwe. Akazi awo anali atakhala kumapeto kwake, manja atapinda.

"Ndinatenga khadi la m'kamera mwanu," anatero. "Ndimati nditsukitse ziwiri zitatu nditumizire mwana wathu. Mukudziwa zomwe wandifunsa wotsuka zithunzi uja? Akuti, 'Ndikulitse chiti, cha mwini phwandoyu?' Akuloza mayi a saluni."

A Imanikaye anawerama ngati akuyang'anitsitsa. Amangoona timabokosi ta utsi.

"Makumi anayi, abambo. Ndawerenga. Apa ndikudula keke, ndine nthunzi. Kumbuyo kwangaku, ndolo ya mayi a saluni ikuoneka ndi kachingwe kake komwe. Apa ndikutsegula mphatso, nkhope yanga ngati phala. Iwo aja mpaka kachiphuphu ka pachibwano. Apa anangotulukira theka, akutafuna, koma theka limenelo ndiye lowala."

"Malenzi akalewa nthawi zina amachita..."

"Musandipusitse. Si inu mumatiuza tsiku ndi tsiku kuti malenzi anuwa sasankha okha? Kuti amasankha ndi mwini diso? Mwatiboola nazo m'makutu zaka zisanu. Ndiye lero ndikufunsa mwini diso."

Apa ndiye a Imanikaye anagwira njakata, poti ulaliki wawo womwe ndi umene unawatsekera pothawira. Choonadi chinali chapafupi. M'chifunga chawo chija, diresi la madontho ndilo limayamba kutulukira, pomwe zotuwa za akazi awo zimasungunukira m'khoma. Akanangonena, nkhani ya saluni ikanathera pomwepo. Koma amawadziwa mayi a kunyumba kwawo. Awa ndi mayi omwe anakaneneza mchimwene wawo weniweni chifukwa cholumikiza magetsi mwakuba, n'kubwerako kudzamuphikira tiyi. Akanangomva za ng'ala, madzi asanawire n'komwe akanakhala ali mu ofesi ya ahedi a kusukulu kuja.

Anayeza zinthu ziwirizo mumtima, ndipo anasankha mopusa monga amachitira amuna ambiri akapanikizika.

"Ndi Satana, amayi," anatero atazyolika.

"Satana ndiye amapotokola?"

"Diso linangoterereka. Koma sindinawalankhulepo kanthu, ndikulumbira."

Iwo amayembekeza mkuntho, mbale kuuluka, mwina lenzi imodzi kufera pakhoma. Anali atasankhiratu yoti aipereke nsembe. Koma akazi awo anangosonkhanitsa zithunzi zija bwinobwino, m'mbali mofanana, n'kuziika pakati pa tebulo.

"Ndimayesa mukana," anatero motsitsa mawu.

Dzuwa lisanalowe, takisi inali itanyamula mayiwo, sutikesi imodzi ndi mutu wa mashini, ulendo kwa mng'ono wawo kuseri kwa msika. Pakhonde panatsala miyendo ya mashini yokha.

Nkhani yotere siyenda pansi, imakwera njinga. Lachiwiri madzulo mayi a saluni anatulukira pampanda, chipeso chili m'manja.

"A Imanikaye, ndamva kuti mumandifuna."

"Mayi, ndi nkhani yovuta kufotokoza."

"Musavutike. Ine amuna onunkha dizilo ndinasiya kalekale, ndipo akazi anu ndi amene amandisokera. Mwandidanitsa ndi telala yekhayo wodziwa chiuno changa, mwamva? Mukawatenge." Anatembenuka, kenako n'kubwereranso. "Koma zithunzizo akuti ndinatuluka bwino. Mundipatseko ziwiri ndikapachike mu saluni."

Masiku atatu amenewo anali owawa, tisanamizane. A Imanikaye amadya buledi woviika m'tiyi ataimirira kukhitchini. Anatulutsa malenzi onse kuti awapukute, koma anangowasiya pa tebulo, poti panalibe wowanyoza, ndipo anazindikira kuti theka la kukoma kwa malenziwo linali kunyozedwako. Manyazi amawadya. Mkazi amene anakhala naye zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, amene sanawalakwirepo kupatula pakamwa, anamuuza m'maso muli gwa kuti diso lawo lili kwa wina. Ndipo ananena bodza limenelo kuti apitirize kuyendetsa ana a eni ake mumsewu womwe sakuuona. Amadziuza kuti Loweruka apita kukapepesa. Chokapepesa chenicheni ndiye sanachidziwe, poti tchimo lomwe anavomera silinali lawo, ndipo lawo lenileni sanafune kulitchula.

Lachisanu m'mawa kunacha kopanda mtambo, mtundu wa tsiku lomwe iwo amadana nalo. Atadzaza ana onse, anakhotera mumsewu wa kumsika, ndipo dzuwa linawamenya pagalasi ngati wina wawathira ufa kumaso. Anachepetsa liwiro, n'kuyamba nyimbo yawo ija. Anawerenga bampu yoyamba, yachiwiri. Ikatha yachitatu pamabwera mizere yowolokera anthu, ndipo nthawi imeneyo sipakhala munthu.

"Amalume! Munthu!"

Ana anakuwa onse pamodzi. M'kuwala muja munatulukira madontho, akuluakulu, pafupi zedi. Anaponda buleki ndi mphamvu zawo zonse. Matayala analira, zikwama ndi mabotolo a madzi zinawulukira kutsogolo, kamtsikana kena kanayamba kulira. Minibasi inaima itagunda kachikwama ka m'manja ka munthuyo, kakulendewera.

A Imanikaye anatulutsa mutu pawindo.

"Pepani, mayi a saluni! Pepani kwambiri, ndi dzuwali!"

Munthu uja sanasunthe. Anali pamtunda woti mutha kupatsana moni wa pamanja.

"Mwati ndani?"

Mawu amenewo amawadziwa kuposa kulira kwa injini yawo.

Madontho aja anazungulira kutsogolo kwa minibasi n'kudzaima pawindo. "Masiku atatu ndakhala ndikusoka chinthu ichi," anatero akazi awo. "Ndimati ndiime pano muone kuti nanenso madontho ndimawatha. Ndinaponda mumsewu ndikudziwa kuti mwamuna wanga, ngakhale ndi wopusa, sangandigunde. Abambo, tandiyang'anani."

"Ndikukuyang'anani."

"Ndakweza zala zingati?"

Akanatha kulota. Ziwiri kapena zitatu, anthu sakweza zoposa apo. Koma kumbuyo kamtsikana kaja kanali kakulirabe, ndipo ulendo uno ananena zoona.

"Sindikuona dzanja lake," anatero.

Mayiwo anawerama, n'kubweretsa nkhope yawo pafupi, pafupi, mpaka mphuno zinatsala pang'ono kugundana. Pamenepo ndi pomwe inatulukira m'chifunga. Zikope zinali zotupa ndi kulira. Pamwamba pa mphumi panali tsitsi loyera lomwe a Imanikaye sanalidziwe.

"Muli ndi imvi," anatero mopusa.

"Zatha chaka zili pamenepo."

Ndiye anaulula zonse, injini ikulirabe: chifunga, chipatala, ng'ala, kapepala kopinda kanayi, mabampu owerenga, ndi chifukwa chomwe diresi la eni ake limatulukira pa chithunzi chilichonse. Kumbuyo magalimoto anayamba kuliza mahutala. Akazi awo anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo sizinadziwike ngati aseka kapena awamenya.

"Ndiye munalolera kuti mukhale wachimasomaso kusiyana ndi kukhala wodwala?"

"Wachimasomaso sachotsedwa ntchito, amayi."

"Ine ndalira masiku atatu kuti ndakalamba, ndanyansa, osadziwa kuti ndinakwatiwa ndi chitsiru chosaona!" Anasuzumira mkati, momwe timaso tonse tinali pa iwo, ndipo mawu awo anatsika. "Ana a eni ake, abambo. Khumi ndi asanu ndi atatu. Chaka ndi theka."

A Imanikaye anakhotetsera minibasi pambali pang'onopang'ono, akazi awo akumenya pachitseko kuwauza poimira. Anazimitsa injini. Anazula kiyi, n'kuigwira kanthawi m'manja, poti amadziwa kuti mwina sadzaigwiranso. Kenako anaitulutsa pawindo, ndipo akazi awo anailandira.

Kusukulu kunatsala mtunda wa mphindi khumi wapansi. Mayiwo anatsitsa ana, kuwapukuta misozi, kuwatolera mabotolo, n'kuwaimika awiriawiri atagwirana manja m'mbali mwa msewu. A Imanikaye anatsika pomalizira, n'kuima pafupi ndi chitseko osadziwa kolowera, munthu wamkulu wopanda chiwongolero.

"Kwa ahedi mukalankhula ndinu," anatero akazi awo. "Ine ndikangokufikitsani pakhomo."

"Ndikatero, mubwerera kunyumba?"

"Nanga akakupalani masowo, akakutsogolerani ndani? Gwirani apa."

Anawapatsa lamba wa kachikwama kaja. A Imanikaye anamugwira ndi manja onse awiri, ndipo mzere unanyamuka.