Lipenga Lopanda Nemba

"Ine ndikaliza lipenga, ngakhale mvuu za ku Senga Bay zinkatuluka m'madzi n'kuima sawasawa."

Anatero a Clifton Chimbalanga pansi pa mtengo wa mango pa Khombedza, tsiku limene gulu la mganda linagwirizana zosankha kingi watsopano Loweruka likudzalo. Ofuna mpandowo anali awiri: iwowo ndi Mayankho, kalipentala wodziwa kuponya mwendo koma wosowa pakamwa. A Clifton pakamwa anali napo pokwanira anthu atatu.

Ankati anatha zaka zisanu ndi zinayi m'bandi ya asilikali, ndipo mbiri yake ankaiyala ngati usipa pathandala. Akuti bandi inayamba nthawi ya Keyala, gulu la asilikali la atsamunda, azungu ataona kuti msilikali wopanda ng'oma amayenda ngati bakha. Akuti lipenga ndilo limadzutsa kampu, limalandira alendo a boma, limaperekeza msilikali kumanda. Ngakhale mganda womwewu, akuti, ndi mwana wa bandi: makolo atabwerako kunkhondo anasowa malipenga amkuwa, n'kuboola zipanda, kumata nemba ya kangaude pabowo, basi mabadza aja. Munthu umangong'ung'uza m'kati, nemba n'kumalira yokha.

"Inu mumavina chithunzi," ankatero. "Ine ndinagwira mwiniwake."

Kugwira anagwiradi. Zaka zonsezo anali dobi wosita mayunifolomu a oimba, ndipo kukakhala perete ankapukuta malipengawo mpaka kudzionera mano. Kuika pakamwa ndiye ayi. Koma mumtima sankaona chovuta. Badza ankaliza kuyambira ali mwana, ndipo lipenga ndi badza lomwelo, kungoti linapita kusukulu.

Lachinayi bandi yeniyeni inafika pabwalo la mpira kudzakometsa mwambo wobzala mitengo. A Clifton anadzuka ndi mutu. Mutuwo sunawathandize, pakuti gulu lonse linawalondola pakhomo, ndipo Mayankho yemweyo, mwaulemu wonse, anawakweza pa njinga yake.

Asilikali anaguba, ng'oma yaikulu ikugunda m'zifuwa za anthu, ndodo ya wotsogolera ikuzungulira m'mwamba. A Clifton anayamba kuchira. Ankatchula dzina la nyimbo isanafike pakati, n'kumadandaula kuti ana a masiku ano makolala sasita bwino.

Oimba atakhala pansi kuti apume, Mayankho anapita kwa sajeni wa malipenga, mayi wamfupi dzina lake Asiya, n'kumuuza kuti pagulupo pali katswiri wakale. Sajeni anabwera yekha kwa a Clifton, nawapatsa sawasha. Anawafunsa za kukampu, iwo n'kuyankha zonse bwinobwino: khomo la stolo ya zida zoimbira, mtengo umene oimba ankayeserera pansi pake, ngakhale batani limene limavuta kupukuta. Sajeni anakondwa kwambiri. Anapukuta kukamwa kwa lipenga lake ndi kansalu, nalipereka ndi manja awiri.

"Tilizireni yodzutsa kampu ija, bambo, anyamatawa amveko za kale."

Bwalo lonse linatembenukira kwa a Clifton. Amayi ogulitsa zitumbuwa anasiya kuthamangitsa ntchentche. A mganda anadzipanikiza kutsogolo, ena atayamba kale kuwatchula kuti kingi.

A Clifton anaima njo, zidendene pamodzi, zigongono m'mbali, ndendende mmene ankaonera zaka zisanu ndi zinayi. Apo pokha panalibe wowaposa. Anakoka mpweya wonse wa m'boma la Salima, natseka maso, n'kung'ung'uza.

Lipenga silinayankhe. Kunangomveka mawu a munthu wamkulu akulira m'mphuno, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Anawonjezera mphamvu, mitsempha ya m'khosi n'kutuluka, njuchi ija n'kungokula pang'ono. Woimba ng'oma yaikulu anabisa nkhope kuseri kwa ng'oma yake, mapewa akugwedezeka.

Mayankho, munthu wosowa pakamwa uja, anasendera kwa sajeni, chipewa chili m'manja.

"Pepani bwana, a kingi athuwa zida zawachepera. M'galimoto mwanumo mulibe kangaude?"