Makina Anandifunsa Mfunda

Ndinalota makina opalira matabwa akundifunsa mfunda.

Anali makina omwe aja ndinakawatola kuseri kwa shopu yakugwa ya mishoni ina, atakhala pamvula zaka zambirimbiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Ntchito yanga ndi imeneyo, ndimadzutsa makina akale a ukalipentala amene eni ake anawataya. Ndimachotsa dzimbiri, ndimapala penti mpaka nditapeza kachitsulo kolembedwa dzina la amene anawapanga, chifukwa makina osadziwika dzina sungawapezere lamba kapena mipeni yowayenera. Awa okha anandikanika. Sabata zitatu ndikupala, dzina osaoneka.

M'malotomo kunali masana, monga momwe kunalili pamene tulo tinandiba. Ndinali m'shedi mwanga pa Linthipe, nditagwada, sanipepa wopalira penti ali m'manja. Mpando wa a Lufeyo unali pakhomo koma eni ake panalibe. A Lufeyo ndi mkulu amene anabwera zaka zinayi zapitazo kudzapempha ntchito yonola mipeni. Dzanja lawo lamanja lili ndi zala zitatu basi, ndipo masiku ano limanjenjemera. M'mawa wa tsiku limenelo anali atagwetsa mpeni wa makinawa n'kuubenthula, ine n'kuwalalatira anthu odutsa akumva. Ndinali nditatsimikiza kuti dzuwa likamalowa ndiwauza kuti asabwerenso. Ndine wa mtima wapachala, zimenezo sindibisa.

"Zikomo, mayi," anatero makinawo. Mawu ankatulukira pakamwa polowera thabwa. "Mwandivula malaya atatu, obiriwira, otuwa ndi ofiira, koma moni simunandipatse. Mfunda wanu ndani?"

Sanipepa anandigwa. Ndinayang'ana pansi ndipo penti yense amene ndinapala anali atapindidwa bwinobwino ngati zovala zochokera kwa telala, mabatani ali pomwepo.

"Amanditchula Naphiri," ndinayankha.

"Umenewo ndi wa mayi anu. Munabwereka. Ine ndafunsa wanu."

Ndinapsa mtima, poti funso limenelo ndi chilonda changa. Bambo anga sindinawaonepo. Kwathu anandiuza kuti anapita ku Joni n'kukatchona ine ndisanabadwe, ndipo ndikafunsa dzina lawo malume ankayamba kukamba za mvula.

"Inunso dzina mulibe," ndinatero. "Musandinyanyule."

"Ndili nalo. Kungoti mukulifunafuna pamene pali posavuta kuyang'ana."

Pamenepo khoma lakumbuyo linatseguka ngati chitseko ndipo mtsinje unalowa m'shedi. Sunali wa madzi. Unali wa utuchi, ukuyenda ndi mafunde, ukununkhira mkungudza. Unadutsa pakati pa miyendo ya benchi n'kutulukira pakhomo, osagwetsa ngakhale botolo la parafini. Pa thabwa limodzi loyandama panakhala amayi anga, amene tinawaika m'manda zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anavala chitenje chomwe chija tinawafunditsa. Thabwalo litafika pa makina linaima lokha, iwo n'kutsika, n'kusasa utuchi kumapazi.



"Jenala," anandiitana, "masula manati anayi a pamimba pa makinawa. Usachedwe, dzuwa silikudikira."

Ndinatenga sipanala zanga. Yoyamba inali yaikulu, yachiwiri yaing'ono, yachitatu inaterereka n'kundisupula chikhatho. Zimenezo ndinkazidziwa kale ndili maso. Manati a makina akale ndi a muyeso wa mainchesi, sipanala za masiku ano sizigwira.

"Zako zisiye," anatero amayi. "Sipanala yake yeniyeni ikubwera."

Sipanala yakuda, yakale, yomangidwa kachingwe kumchira, inabwera ikuyandama pa utuchi. Ndinaizindikira nthawi yomweyo. Inali ya a Lufeyo, imene amayenda nayo m'thumba la jekete ndipo sabwereka munthu. Nditaiika pa nati inalowa ngati inabadwira pomwepo. Manati onse anayi anamasuka osalira, dzimbiri la zaka zonsezo likungoyoyoka.

Ndinachotsa chivindikiro chimene manatiwo ankagwira. M'mimba mwa makina munali mofunda. Pa kamulu ka utuchi, pansi pa mipeni, panali zala ziwiri za munthu. Sizinawole, sizinaume. Zikhadabo zake zinali zowengedwa bwino, ndipo zinkapuma pang'onopang'ono monga tiana ta mbewa tikagona.

Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda benchi.

"Ndazisunga zaka makumi anayi ndi chimodzi," anatero makinawo. "Sindinazidye. Ine ndimadya matabwa. Zinangolowa pamene sindikanatha kuima. Tengani, mayi, zandilemera."

"Ndi za ndani?"

"Yang'anani kachala komalizako."

Kachalako kanali kopindika kunsonga, kolozera mkati. Ndinatambasula dzanja langa lamanja. Kanga n'kopindika chimodzimodzi, ndipo kusukulu anzanga ankandiseka nako kuti ndi mbedza. Kwathu konse, kwa amayi ndi kwa malume, palibe wina ali nako. Ndinakhala pansi mumtsinje muja utuchi n'kundifika m'chiuno.

Amayi analankhula osandiyang'ana, akuwongola chitenje pamwendo.

"Bambo wako anali mkamwini pakhomo pathu, akugwira ntchito kushopu ya mishoni. Tsiku limene ndinadziwa kuti ndaima, sindinathe kudikira kuti aweruke. Ndinathamanga n'kukamuuzira pazenera, makina akuyenda. Iye anatembenuka kuti andione. Anali akuseka."

Amayi anapitiriza.

"Atatuluka m'chipatala, alongo anga anati mkamwini wa zala zitatu sangagwire khasu, tikhala tikudyetsa mlendo. Anamupindira mphasa yake. Ine sindinatsegule pakamwa, Jenala. Za ku Joni zija tinangokupangira. Ku Joni sanapondeko."

"Amayi, zaka zonsezi?"

"Kumene ndiliko sandilola kukhala pansi mpaka zalazo zitabwerera kwa mwini wake. Miyendo yatopa."

Kunja dzuwa linatsika kamodzin'kamodzi, monga munthu akatsitsa nyale pa msomali. Ndinatola zala zija. Zinali zotentha, ndipo zitafika m'chikhatho mwanga zinagwira chala changa chachikulu mwamphamvu. Nditafika pakhomo ndinapeza mtsinje uja wakula, msewu wa ku Lilongwe wamira, ndipo kutsidya a Lufeyo akupita, mphasa ili kukhwapa, osacheuka.

"A Lufeyo!" ndinakuwa. "A Lufeyo!"

Sanamve. Ndikaponda kutsogolo utuchi unkandibweza pomwe ndachokera.

"Munthu wamkulu saitanidwa ndi dzina la ubwana," anatero makinawo kumbuyo kwanga. "Aitaneni ndi mfunda, acheuka."

Zaka zinayi munthu akukhala pakhomo panga, akundinolera mipeni, akundiuza pamene lamba walekerera, ine osamufunsapo mfunda. Ine yemwe ndimatha sabata zitatu ndikusaka dzina la chitsulo. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

"Sindikuudziwa," ndinatero.

"Mtima wanu uli pachala, koma chala chake simukuchidziwa," anatero makinawo. "Gonani pansi, muyang'ane kunsi kwa tebulo langa, mbali ya kumanzere. Dzuwa likalowa zalazo ndizimezanso."

Makina anayamba kuyenda okha, opanda lamba, opanda magetsi. Mipeni inazungulira, shedi yonse ikunjenjemera, ndipo zala zija zinayamba kukokedwa kuchoka m'dzanja langa. Ndinazifumbata n'kudzigwetsa chagada, n'kukwawira kunsi kwa tebulo. Kachitsulo kamkuwa kanali pomwepo, kowala ngati kapukutidwa lero. Pamene pamalembedwa chaka panali chaka chimene ndinabadwa. Pamene pamalembedwa dzina la opanga panalembedwa kuti NANGOZO.

Ndinakoka mpweya kuti ndikuwe, ndipo ndinadzidzimuka.

Ndinali nditagona pa thumba pambali pa makina, tsaya litamatirira utuchi. Khoma linali m'malo mwake. Dzuwa linali litapendeka. Dzanja langa lamanja linali lofumbata zolimba, zikhadabo zitandilowa, koma munalibe kanthu.

A Lufeyo anali pampando wawo pakhomo, akunola mpeni uja anaubenthula. Pafupi ndi phazi lawo panali kachikwama komanga kale, jekete ili pamwamba. Anali atadziwa okha zimene ndinkafuna kuwauza.

"Mwadzuka, abwana?" anatero. "Ndimati ndimalize kampenika ndisanapite. Si bwino kusiya chinthu chobenthuka."

Ndinakhala tsonga.

"A Lufeyo, mfunda wanu ndani?"

Mwala wonolera unaima. Anayang'ana makinawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana pansi.

"Ndine Ngozo, mayi."

Ndinangokweza dzanja langa lamanja, kachala kopindika kaja kali poyera. Iwo sanadabwe. Anakayang'ana monga munthu amene wakhala akukaba ndi maso tsiku lililonse kwa zaka zinayi.

"Bwanji simunanene?"

"Wopirikitsidwa sabwera ndi ng'oma," anatero. "Ndimati ndingokhala pafupi, ndizikuonani mukugwira ntchito. Zinkandikwanira."

Ndinadzuka, ndinapita pakhomo, ndinanyamula kachikwama kaja n'kukakaika mkati, kuseri kwa benchi. Misozi inkandilepheretsa kuona bwino moti ndinapunthwa pa lamba. Nditatembenuka ndinawapeza ataimirira pafupi ndi makinawo, malo amene chifikire makinawa anali asanapondepo. Anatulutsa sipanala yakuda ija m'thumba n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Dzina lake musavutike nalo kutsogoloko, Nangozo," anatero. "Lili kunsi kwa tebulo, kumanzere. Ndinaliwerenga nditagona pansi tsiku lija, ndikudikira kuti andinyamule."