Kabuku ka M'jumbo ya Shuga

Pa sukulu ya zamankhwala ya m'munsi mwa phiri la Dedza, odwala anali a m'kompyuta. Wophunzira ankawafunsa, iwo n'kumayankha, ndipo akalakwitsa mankhwala ankaona zotsatira zake pomwepo. Wokonza odwalawo anali Filomena, mphunzitsi wochokera ku Kasina.

Chaka chimenecho kunabwera a Alufeo, bambo wa imvi, amene analamulidwa kuti akhoze mayeso a pasukulupo kapena alandidwe chiphaso chogulitsira mankhwala. Filomena anawazindikira tsiku loyamba lomwe. Ndiwo anagulitsa bakitirimu kwa mayi ake zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, osatsegula kabuku kawo ka kuchipatala, momwe munalembedwa kuti mankhwalawo sayanjana nawo. Khungu linasupuka ngati la mbatata yophika. Anamwalira Lachisanu.

Filomena sanauze munthu. Ankapemphera Atate Athu, koma akafika pokhululukira adani ankangotseka pakamwa. Anakonza wodwala watsopano: mayi wa mpango wobiriwira, kabuku kali m'jumbo ya shuga pamiyendo. Mawu a mayiyo anajambula ake omwe.

M'mawa wa mayeso kunazizira koopsa. A Alufeo anavula jekete n'kufunditsa mtsikana wina amene ankanjenjemera. Filomena anaona, nayang'ana kumbali.

"Chavuta n'chiyani, mayi?" a Alufeo anafunsa wa m'kompyuta uja.

"Chifuwa, achimwene. Chinandiyamba kotola nkhuni ku Chongoni."

"Aa, chomwecho basi? Bakitirimu, awiri m'mawa, awiri madzulo."

Jumbo ija sanaiyang'ane n'komwe. Kompyuta inadumpha masiku anayi, mayi uja n'kubweranso milomo ili zilonda zokhazokha.

"Aphunzitsi, makina anuwa ngabodza," a Alufeo anaseka. "Ine mankhwala amenewa ndagulitsa zaka makumi awiri, sanafepo munthu."

"Anafa," Filomena anayankha motsitsa mawu. "A Kettie a ku Kasina, mayi anga. Kabuku kanali pamiyendo ngati pamenepa."

A Alufeo anakwinya pamphumi, kufunafuna m'mutu. Sanawakumbukire.

Lamulo la sukulu linkalola mphunzitsi kupatsa wolephera mwayi wachiwiri. Filomena anayang'ana jekete lija pamapewa a mtsikana, nthawi yaitali ndithu. Kenaka analemba kuti alephera, nasaina, nazimitsa kompyuta.

Madzulo ku tchalitchi, anzake atafika pa mawu aja okhululukira adani, iye pakamwa panali chitsekere.