Nandolo wa ku Mulanje

Bambo Lameki anali munthu wosadziwa kukana, ndipo matenda amenewo alibe mankhwala. Atapuma pa ntchito ku fakitale, anapeza malo aakulu ku Epworth, kufupi ndi Harare, nabzalapo nandolo. Mbewuyo malemu mkazi wawo anachita kubwera nayo kuchokera ku Mulanje, ataimanga pa nsonga ya chitenje.

Nkhondo yomenyera ufulu itatha, anthu anakhamukira ku Harare. Woyamba kufika anali Lawson, wogulitsa nkhuni.

"Sekuru, kakona kokha, mpaka dzinja lithe," anapempha motero, powatchula agogo m'chilankhulo cha komweko.

A Lameki anapha nkhuku, nadya naye, naika mwala pa malire. Kwawo, munthu amene wadya naye nkhuku sasuntha mwala. Chaka chotsatira Lawson anabweretsa mlamu wake. Nkhuku ina inafa, mwala unasendera. Kenako kunabwera msuweni. Nkhuku zinkatha m'khola, munda nawo n'kumachepa.

Tsiku lina mwana wawo Febbie, mphunzitsi wa ku Highfield, anawauza za mtundu wa anthu a ku Amerika otchedwa Ute. Anali ndi mapiri awoawo, koma pangano lililonse ndi boma linkawadula dziko, mpaka anatsala ndi zigamba.

"Loyamba litasweka, analowanso bwanji lachiwiri?" anaseka a Lameki. "Amenewo ndiye ogona!"

Febbie sanaseke. Anangoyang'ana pakhomo, pomwe khoma la Lawson linkatchinga dzuwa.

Nthawi ina a Lameki atachoka kukakhala pamaliro a mnzawo ku Glen View, anabwerera n'kupeza Lawson atazinga nandolo yense ndi waya. Anakumbutsa Lawson za nkhuku zija.

"Nkhuku inali ndiwo, mudhara," anayankha Lawson. "Ngati mukufuna munda, uli kwanu ku Malawi."

Ku Malawi kuti? Anachokako ali mnyamata, ndipo owadziwa onse anapita kalekale. Mtima unawawawa, koma mlanduwo analibe woukankhira. Mwala uja ankausuntha ndi manja awo omwe.

Nandolo atauma, anavala jekete la kutchalitchi, naima pa geti ya Lawson, chipewa chili m'manja.

"Odi kuno!"

Anatuluka Magret, mkazi wa Lawson. Mwamanyazi, anawathyolera nandolo wodzaza chikhatho. A Lameki anawomba m'manja kuthokoza, monga amachitira mlendo wamakhalidwe.

Atafika kunyumba, anazungulira bwalo lonse mbewu ya mkazi wawo ili m'thumba. Pobzala panalibe.