Lamulo la Jimmy la Mipango

Jimmy atasankhidwa kukhala wapampando wa gulu la ophunzira a ku Malawi okhala ku Roysambu mumzinda wa Nairobi, anayamba kuyenda ngati nduna. Anali m'chaka choyamba cha maphunziro a zamalamulo, koma polankhula ungati ndi woweruza wamkulu.

Asiyatu, mtsikana wachisilamu wa ku Mangochi, anaitana gulu lonse ku chikondwerero cha Idi kwa amalume ake ku Kasarani. Jimmy, ngakhale anali Mkatolika, anafuna kuonetsa ulemu woposa wa eni ake. Analemba pa WhatsApp kuti: "Mtsikana wobwera osavala hijabu abwezedwa pageti, ndipo achotsedwa m'gulu."

Moto unabuka. "Ndiye mukadye nokha pilawu wanuyo, bwana wapampando," anayankha Lenah, mlembi wa gululo. Pofika madzulo atsikana onse anali atakana kupita. Asiyatu anaimbira Jimmy foni akulira.

"Jimmy, wakutuma ndani? Mbuzi tagula kale. Ukufuna ndidye ndi mipando?"

Jimmy anakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, kupita kwa Mayi Bessie, loya wa ku Malawi wogwira ntchito ku bungwe lina mu Nairobi, poganiza kuti amuikira kumbuyo.

"Mayi, mayiko ena amalanga mkazi wosaphimba kumutu, ena amalanga wophimba kunkhope. Nanga ine ndalakwa pati?"

Mayi Bessie anaseka. "Mwanawe, kwathu komwe kunali lamulo loletsa amayi kuvala thalauza. Ambiri tinkalimvera chifukwa cha mantha basi. Chilango ndi cha munthu wolakwira mnzake, monga wakuba kapena womenya. Tandiuza, tsitsi la Lenah lavulaza ndani? Nanga mwini phwandoyo unamufunsa?"

Jimmy anakanda m'mutu. Sanamufunse.

Pobwerera, ali m'matatu momwemo, anafufuta lamulo lake pa WhatsApp n'kupepesa. Asiyatu anawonjezera kuti: "Hijabu ndimavala chifukwa cha chikhulupiriro changa. Inu mungovala mwaulemu. Wofuna mpango ndimubwereka."

Pa tsikulo onse anabwera, ena ndi mipango, ena opanda. Lenah anabwereka wobiriwira, ndipo anadzijambula nawo mpaka foni kutha moto.

Womaliza kufika anali Jimmy, pa njinga yamoto ya kabaza, akuchokera kumpira, atavala kabudula wosafika n'komwe m'maondo. Atsikana anafola pageti akuwomba m'manja.

"Abwezedwe! Abwezedwe!"

Jimmy anachita manyazi, kusowa poika miyendo. Amalume a Asiyatu anatuluka akumwetulira, mkanjo woyera uli m'manja.

"Mlendo sabwezedwa pa Idi, achimwene. Uwu muvale mukafuna. Mukapanda kufuna, mbale yanu ilipobe."

Jimmy anauvala nthawi yomweyo, ndipo anathokoza katatu.

Phunziro: Ulemu wa kavalidwe umabwera pokambirana, osati poopsezana ndi chilango. Musanakhazikitse lamulo m'dzina la chipembedzo cha anzanu, yambani mwawafunsa eni ake.